Kamwana kotuma ka m'foni mwanga

Chilengezo chimene ndinachidikira pafupifupi miyezi isanu ndinachiona Lachinayi madzulo, ndili pampando wakumbuyo wa minibasi, bondo litapanikizika ndi thumba la chimanga la munthu wina. Unali mwayi wa maphunziro a aphunzitsi, umene bungwe lina limalengeza kamodzi pachaka. Ndinawerenga mwachangu mtima uli phaphapha, mpaka ndinafika pamzere wa tsiku lomaliza kutumiza makalata. Tsikulo linali Lolemba la sabata yomweyo. Linali litadutsa kale ndi masiku atatu.

Chinandiwawa kwambiri n'chakuti tsamba la mchezo la bungwelo ndinkalitsatira, ndipo foni sinkachoka m'manja mwanga. Pa masabata atatu amene chilengezocho chinakhala pamenepo, ine ndinaonetsedwa maukwati a anthu osawadziwa, mikangano ya ochemerera mpira, mavidiyo a aneneri, ndi munthu wina amene ankagulitsa mankhwala ochepetsa mimba. Chinthu chimodzi chokha chimene ndinkachifunadi chinandipeza nsima itatha, mbale zitatsukidwa.

Pa holide yotsatira kunabwera mwana wa mlongo wanga, amene nthawi imeneyo ankaphunzira za makompyuta. Nkhaniyi ndinali nditaifotokozera kale aliyense wolola kumva, choncho nayenso sinamuphonye. Anamvetsera mpaka kumapeto, kenako anati, "Amalume, inu mukudikira kuti wina akusankhireni zoti muone. Tandipatseni foniyo."

Anaikamo kapulogalamu kena, n'kundifunsa mawebusaiti amene ndimafuna kumva kwa iwo. Ndinatchula asanu: la bungwe lija, awiri a nkhani za kuno kwathu, lina la nkhani za mu Africa, ndi blog ya mphunzitsi wina wa masamu amene ndimakonda kalembedwe kake. Posakhalitsa pa foni panaoneka mndandanda wa mitu ya nkhani, yatsopano pamwamba, yakale pansi, uliwonse ndi tsiku lake. Panalibe chithunzi cha ukwati ngakhale chimodzi.

"Kameneka ndi kamwana kotuma," anatero. "M'mawa uliwonse kazizungulira makomo amene mwakauza, kazifunsa kuti kodi pali chatsopano, n'kubweretsa chimene kapatsidwa. Khomo limene simunakatume sikapitako."

Ndinamufunsa kuti, "Nanga iwe, zimenezi zayamba liti kuti ine ndisazimve?"

Anaseka. "Zinayamba ine ndisanabadwe, amalume."

Sankanama. Chinthuchi dzina lake ndi RSS, ndipo chinayamba mu Malichi 1999 ku kampani ya Netscape ku America, imene inkafuna kuti mitu ya nkhani za mawebusaiti ena izioneka patsamba lake. Netscape itachita nacho mphwayi, katswiri wina wa mapulogalamu, Dave Winer, anachipitiriza mpaka anatulutsa RSS 2.0 mu 2002, ndipo iyi ndi imene mawebusaiti ambiri akugwiritsabe ntchito. Gulu lina linatenga njira yakeyake n'kutulutsa RSS 1.0 mu Disembala 2000, ndipo m'gululo munali mnyamata wa zaka 14, Aaron Swartz. Ndikaganiza kuti ana a msinkhu umenewo ndi amene ndimawathamangitsa kuti alowe m'kalasi belu likalira, ndimachita manyazi pang'ono. Akatswiriwo anakangana kwa zaka, mpaka ngakhale tanthauzo la zilembo zitatuzo linasintha kangapo, ndipo mu 2005 kunakhazikitsidwa mtundu wina wotchedwa Atom. Owerengafe mkanganowo sutikhudza, chifukwa pulogalamu iliyonse yabwino imamva mitundu yonseyi.

Kagwiridwe kake n'kosavuta. Webusaiti imasunga kafayilo kamodzi ka mawu okhaokha, kopanda zokongoletsa, kamene kamalembamo nkhani zake zaposachedwa: mutu, tsiku, linki, ndi chidule kapena nkhani yonse. Akalemba nkhani yatsopano, kafayiloko kamasintha kokha. Pulogalamu yowerengera ija imapita kukakayang'ana nthawi ndi nthawi, n'kutenga zimene sinazionepo. Basi. Kafayilo kameneka ndi kamene amakatcha feed, ndipo ine ndazolowera kungoti fidi.

Pali mbali imodzi imene poyamba sindinaione kufunika kwake. Potsatira fidi supereka dzina, nambala ya foni kapena imelo kwa mwini webusaitiyo. Iwe ndi amene umapita kukatenga, iye sabwera pakhomo pako. Ukatopa naye umangomufufuta pamndandanda, nkhani yathera pomwepo. Amene analembetsapo makalata a pa imelo akudziwa mmene kutuluka kumavutira: umadina kuti usalandirenso, mawa lake kalata ina yafika ngati wangongole.

Bambo anga anali munthu wa wailesi. Nthawi ya nkhani ikakwana, pakhomo pankati zii, ngakhale nkhuku zinkakhala ngati zikudziwa. Nkhani zinkayamba, n'kutha, iwo n'kuzimitsa wailesi kuti mabatire asathe, n'kupita kukaona mbuzi. Nyuzipepala nayo inali ndi tsamba lomaliza, la masewero, ndipo ukalifika unkadziwa kuti wamaliza. Chimene ndinali nditaiwala, mpaka kamwana kotuma kaja katandikumbutsa, n'chakuti nkhani zimatha. Masamba a mchezo anawapanga opanda pansi, ngati chitsime cha m'nthano. Umapalasa chala, zina zikubwera, umapalasanso, zinanso zikubwera, mpaka tulo kapena batire n'zimene zimakulekanitsa nazo. Mu pulogalamu ya RSS ukawerenga mitu 30 imene yabwera, pamatsala poyera. Tsiku loyamba nditaona poyerapo ndinakhala ngati ndasowa chochita ndi manja anga. Ndinaika foni pansi n'kuyamba kuchonga makope a Fomu 3 amene anandidikira kuyambira Lachiwiri.

Musaganize kuti ndinakhala wanzeru tsiku lomwelo. Nditaphunzira kupeza mafidi ndekha, ndinachita misala. Ndinazindikira kuti mawebusaiti omangidwa pa WordPress, amene ndi ochuluka kwambiri kuphatikizapo ambiri a nkhani za kuno, amapereka fidi ukangowonjezera /feed kumapeto kwa adiresi yawo. Ndinazindikira kuti tchanelo chilichonse cha YouTube chili ndi fidi yake ngakhale sailengeza, kuti mablog a pa Blogger ndi pa Substack nawo ali nayo, kuti BBC ili ndi fidi ya nkhani za mu Africa zokha, ndiponso kuti allAfrica imagawa mitu ya nkhani dziko ndi dziko. Nthawi zambiri sipafunika n'kusaka komwe: umangoika adiresi ya webusaiti mu pulogalamuyo, yokha n'kupeza fidi. Ndiye ine chilichonse chimene ndinkakumana nacho ndinkangoponyamo. Za ulimi, za zakuthambo, za mpira wa ku England, za kaphikidwe ka zakudya zimene zosakaniza zake sindinazionepo pamsika uliwonse.

Ichi chakoma ichi chakoma, pusi anagwa chagada. Patatha mwezi ndinali ndi mafidi oposa 80, ndipo kanambala kosonyeza nkhani zosawerengedwa kanadutsa 1,000. Ndinayamba kuopa kutsegula pulogalamuyo ngati mmene umaopera kudutsa pa golosale pamene uli ndi ngongole. Chitsime chopanda pansi chija ndinali nditachikumba ndekha, ndi khasu langa lomwe.

Ndinamuimbira mnyamata uja. Iye anati, "Amalume, si mayeso amenewo. Palibe amene adzakufunseni. Pali batani lolemba kuti zonse zawerengedwa, lidineni." Ndinalidina, nambala inabwerera pa 0, ndipo dziko silinagwe. Loweruka lotsatira ndinakhala pansi n'kupalira mndandandawo. Muyeso wanga unali umodzi: kodi webusaiti imeneyi itasiya kulemba lero, ndingazindikire? Zambiri sindikanazindikira. Ndinatsala ndi zosakwana 25, ndipo ndinazigawa m'magulu atatu. Gulu loyamba ndi la zimene sindifuna kuphonya, monga zilengezo za maphunziro ndi ntchito, ndipo limeneli ndimaliona tsiku lililonse ngakhale nthawi zambiri mumakhala mopanda kanthu. Lachiwiri ndi la nkhani za tsiku ndi tsiku, zimene ndimangoyendetsa maso pa mitu n'kutsegula ziwiri kapena zitatu. Lachitatu ndi la anthu olemba mwa apo ndi apo, ndipo ili ndi limene ndimalikonda.

Ndikhalitse pang'ono pa gulu lachitatuli, chifukwa apa ndi pamene RSS imaposa china chilichonse chimene ndinayesapo. Pali anthu amene amalemba kamodzi pa miyezi itatu, koma akalemba umadziwa kuti munthu anakhala pansi n'kuganiza. Mphunzitsi wa masamu uja ndi mmodzi mwa iwo. Pa masamba a mchezo munthu wotere amamira, chifukwa kumeneko amene amamveka ndi wofuula pafupipafupi, ndipo makina osankha zoti tione amakondera zimene zikukanganitsa anthu. Kumutsatira pamanja nakonso sikutheka: udzatsegula webusaiti yake kawiri, katatu, n'kupeza palibe chatsopano, kenako udzamuiwala. Kamwana kotuma sikatopa ndipo sikaiwala. Kamapita pakhomo pake tsiku ndi tsiku kwa miyezi, n'kubwerako chimanjamanja osadandaula, ndipo tsiku limene walemba nkhani yake imakhala pamwamba pa mndandanda wanga, mofanana ndi ya nyumba yaikulu youlutsa mawu. Wolemba wamng'ono ndi wamkulu amakhala pamphasa imodzi.

Tsono za data, poti kuno nkhani iliyonse ya intaneti imathera pamenepo. Ambirife timagula mabandulo a masamba a mchezo chifukwa ndi otsikirapo mtengo, ndipo zotsatira zake tonse timazidziwa: wina waponya linki pagulu la WhatsApp, anthu 40 akangana mpaka usiku, koma amene anaitsegula ndi awiri, chifukwa bandulo ya enawo sifika kunja kwa mpanda. Timakangana za mutu wa nkhani, thupi lake osaliona. RSS sigwira pa bandulo yotere, imafuna data wamba, ndipo ili ndi vuto lenileni limene sindingalibise. Koma imadya pang'ono modabwitsa, popeza imanyamula mawu okha. Tsamba limodzi la webusaiti ya nkhani, ndi zithunzi zake, zotsatsa malonda ndi mavidiyo odziyambitsa okha, likhoza kulemera kuposa mitu ndi zidule za tsiku lonse. Pulogalamu imene ndimagwiritsa ntchito pa Android, yotchedwa Feeder, ndi yaulere, sifuna kutsegula akaunti, ndipo umatha kuiuza kuti izikatenga nkhani pokhapokha foni ili pa WiFi. Ndiye ndikakhala pamalo pamene pali WiFi imadzaza nkhokwe, ndipo madzulo magetsi akathima, netiweki n'kuyamba kuvuta, ine ndimakhala pakhonde ndikuwerenga zimene zinasungidwa masana.

Pali mapulogalamu ena. Feedly ndi Inoreader amasunga mndandanda wako pa makompyuta awo, choncho umaupeza chimodzimodzi pa foni ndi pa laputopu, ngakhale kuti aulere ali ndi malire ake. Amene ali ndi iPhone kapena Mac ali ndi NetNewsWire, imene inayamba mu 2002 ndipo ndi yaulere. Ngakhale Thunderbird, pulogalamu ya imelo ija, imawerenga mafidi. Sindikulimbikira iliyonse, zonse zimagwira ntchito yofanana.

Mu Malichi 2023, namondwe wa Freddy atagwetsa mapiri ndi nyumba m'chigawo cha kummwera, magulu a WhatsApp anasefukira ndi zithunzi ndi mauthenga a mawu, ena oona, ena a masoka akale a kumayiko ena. Munthu sunkadziwa chogwira. Masiku amenewo ndinawonjezera fidi ya ReliefWeb, webusaiti ya nthambi ya United Nations yoona za thandizo pa ngozi, imene imasonkhanitsa malipoti a mabungwe ndipo umatha kusankha a dziko limodzi lokha. Malipotiwo ndi ouma, a Chingerezi cha mu ofesi, ndipo sabwera mwachangu ngati mphekesera. Koma lililonse limakhala ndi tsiku ndi dzina la amene walilemba, ndipo likabwera lina lokonza manambala umaona kuti latsatira liti. M'sabata imeneyo ndinaphunzira kulemekeza tsiku lolembedwa pansi pa mutu wa nkhani. Sikirinishoti yoyendayenda pa magulu imafika yopanda tsiku, yopanda mwini, ngati mwana wotoledwa pamsika.

Anthu odziwa za makompyuta amakonda kunena kuti RSS inafa, ndipo amatchula tsiku la maliro ake. Google inali ndi pulogalamu yotchuka kwambiri yowerengera mafidi, Google Reader, imene inayamba mu Okutobala 2005. Pa 13 Malichi 2013 kampaniyo inalengeza kuti iitseka chifukwa ogwiritsa ntchito ankachepa, ndipo pa 1 Julayi chaka chomwecho inatsekadi. Anthu oposa 500,000 anathamangira ku Feedly m'masiku awiri okha chilengezocho chitatuluka. Zitatero zizindikiro zinayamba kuzimiririka. Kachizindikiro ka RSS ka mtundu wa lalanje, kokhala ndi kadontho ndi timizere tiwiri tokhota, kanasowa pa mawebusaiti ambiri, ndipo mu Disembala 2018 Firefox, pulogalamu yotsegulira mawebusaiti imene inakatchukitsa, inachotsa mbali yake yowerengera mafidi. Ine zonsezi zinandidutsa, ndinabwera maliro atatha kale, n'kupeza womwalirayo akulima kumunda.

Chifukwa chake n'chakuti RSS si kampani. Ilibe mwini woti angaitseke, monga mmene palibe mwini wa imelo. Google inatseka sitolo yake yokha, msika unatsala. Ndipo anthu ambiri amaigwiritsa ntchito osadziwa: podcast iliyonse yofalitsidwa mwa njira ya masiku onse ndi fidi ya RSS imene yanyamula fayilo ya mawu, luso limene Dave Winer yemwe uja analiwonjezera kuchiyambi kwa zaka za m'ma 2000. Amene amamvera maulaliki kapena zokambirana za mpira pa pulogalamu ya podcast ali ndi kamwana kotuma kawo, kungoti sanakafunse dzina.

Nkhani ya Google Reader inandiphunzitsa chinthu chimodzi chimene ndimachita miyezi ingapo iliyonse. Pulogalamu iliyonse yowerengera imalola kutulutsa mndandanda wa mafidi ako m'kafayilo kotchedwa OPML, kamene umatha kukalowetsa mu pulogalamu ina iliyonse. Anthu a mu 2013 aja anasamuka ndi katundu wawo chifukwa cha kafayilo kameneka. Ine ndimakatulutsa n'kudzitumizira pa imelo. Phukusi la moyo sakusungira ndi mnzako. Foni yanga yakale itagwera m'ndowa ya madzi, manambala ambiri a anthu anapita, koma mndandanda wanga unabwerera pa foni yatsopano m'mphindi ziwiri. Yerekezani ndi zimene zinachitika ku Canada mu Ogasiti 2023, pamene kampani ya Meta inatsekereza nkhani za nyumba zoulutsa mawu pa masamba ake a Facebook ndi Instagram chifukwa chosagwirizana ndi lamulo latsopano la dzikolo. Amene ankadalira masambawo kuti amve nkhani anadzuka m'mawa n'kupeza khomo latsekedwa pa mkangano umene sunali wawo.

Zokhumudwitsa zilipo. Mawebusaiti ena amaika m'fidi mutu ndi chiganizo chimodzi chokha kuti ukakamizike kupita kwawo, ndipo sindiwada kwenikweni, poti zotsatsa malonda ndi zimene zimalipira atolankhani awo. Ena amalemba nkhani 60 patsiku, theka lake zobwereza, moti amamiza anzawo onse pamndandanda. Oterewa ndimawaika m'gulu laokha kapena kuwachotsa. Koma chimene chimandipweteka mutu ndi maofesi ndi mabungwe a kuno amene webusaiti yawo inaima zaka zitatu zapitazo, ndipo chilengezo chilichonse amachijambula ngati chithunzi n'kuchiponya pa tsamba la mchezo basi. Pamenepo kamwana kanga kamabwerako manja ali m'khosi, chifukwa masamba akuluakulu a mchezo anasiya kalekale kupereka mafidi. Chilengezo cha boma kapena cha sukulu chimayenera kukhala pamalo pamene aliyense angachipeze, osati m'bwalo la mwini wake amene amasankha woti alowe. Pofuna kutseka mpatawu ndimagwiritsa ntchito Google Alerts, imene imasaka pa intaneti mawu amene waipatsa ndipo imatha kutumiza zotsatira zake ngati fidi m'malo mwa imelo. Ndinaikamo mawu angapo okhudza maphunziro a aphunzitsi, ndipo nyuzipepala ina ikalemba za chilengezocho, chimandipeza. Si nthawi zonse, koma kuposa kale.

Palinso china chimene mnzanga wina wa ku staff room anandifunsa, ndipo funso lake silinali lopusa. Anati, "Aphunzitsi, ngati mukusankha nokha onse olankhula nanu, simudzangomva zokomera inu?" Zoona, zikhoza kutero. Kusiyana kwake n'kwakuti mpanda wanga ndimauona, chifukwa ndinaumanga ndekha ndipo mndandanda wake ndi wosakwana mizere 25. Nditauyang'ana ndi funso lakelo m'mutu, ndinapeza kuti nkhani za ndale ndinkazimva kuchokera mbali imodzi. Ndinawonjezera nyuzipepala ina imene kalembedwe kake kamandikwiyitsa, ndipo ilipobe, ikundikwiyitsa Lolemba lililonse. Mpanda umene amakumangira makina suoneka, ndiye sungadziwe n'komwe pofunika kuboola.

Masamba a mchezo sindinawasiye. Kumeneko n'kumene ndimamvera za maliro, za zinkhoswe, za mwana wa msuweni amene wakhoza mayeso, ndipo zimenezo palibe fidi ingandibweretsere. Ndinangowalanda ntchito imodzi imene sankaigwira bwino.

Chilengezo chija chinatulukanso chaka chotsatira. Chinafika Lachiwiri m'mawa, ndili pamzere wa kuchigayo, chili chokhachokha m'gulu loyamba lija limene linakhala lopanda kanthu kwa milungu. Kunali kutatsala masiku 21. Ndinatumiza uthenga kwa mwana wa mlongo wanga kuti kamwana kake kagwira ntchito, iye n'kuyankha kuti, "Ndiye mukagule mayunitsi a mwini wake, amalume." Ndinamutumizira, kenako ndinapita kukasaka satifiketi yanga m'sutikesi ya pansi pa bedi.